Wofuna kuchepetsa thupi tisamusiye yekha

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhuleko kudzera m'nyuzipepala yanu pa nkhani ya kunenepa kwa ife amene tadutsa zaka 40, chifukwa kuno ku Dedza nkhaniyi timaikamba mwanthabwala kapena mwamanyazi, pomwe ikutilanda anthu amene akadali ndi ana pasukulu. Ndine mayi wa zaka za m'ma 50, ndimagwira ntchito yauphunzitsi, ndipo ndili m'gulu la anthu amene achipatala anawalangiza kuti achepetse thupi chifukwa cha kuthamanga kwa magazi. Malangizo a kuchipatala savuta kumva. Vuto limayamba munthu akafika pakhomo, pamene mphika ndi umodzi, wophika ndi wina, wogula ndiwo ndi winanso, ndipo kunja kwa mpanda kuli pakamwa pa anthu. Apa m'pamene ambiri amagonjera, osati chifukwa cha ulesi kapena dyera monga mmene timanenera, koma chifukwa chakuti tawasiya kuti alimbane okha ndi chinthu chimene chimafuna banja lonse ndi anzawo.

Maganizo okonda kunenepa sanangobwera, ndipo sindikufuna kuwanyoza. Ife a msinkhu uno njala ya 2002 tikuikumbuka bwino, pamene m'midzi yambiri anthu ankadya gaga ndi zitsa za nthochi. Tinaonanso zaka zimene Edzi inapulula mabanja, mankhwala a ma ARV asanayambe kuperekedwa mwaulere m'zipatala za boma mu 2004, pamene munthu akangoyamba kuwonda anthu ankanong'onezana ndi kuyamba kumuwerengera masiku. Amene anaona zimenezi sangauzidwe tsiku limodzi kuti kutsika thupi n'chinthu chabwino. N'chifukwa chake mpaka lero mayi wapabanja akanenepa, amene amayamikiridwa ndi mwamuna wake kuti akusamala, ndipo akawonda, achibale amayamba kufunsa ankhoswe ngati m'nyumbamo muli mtendere. Bambo akatulutsa mimba timati zinthu zamuyendera. Mnzanga wina wa kutchalitchi kwathu, atayesetsa kwa miyezi ingapo mpaka madiresi kuyamba kumukhwepa, anaitanidwa pambali ndi amayi akuluakulu amene anamufunsa mwachifundo ndithu kuti, "Mayi, mwakayezetsa koma? Musatibisire." Anabwerera kunyumba ali wokhumudwa, ndipo sabata yomweyo anayambiranso kudya monga kale kuti anthu asiye kumukamba. Amayiwo sanali ndi cholinga choipa, komabe mawu awo anagwetsa ntchito imene inali kuteteza moyo wa munthu.

Pamene tikusunga maganizo amenewa, matenda asintha. Kafukufuku wa STEPS amene Unduna wa Zaumoyo unachita mothandizana ndi bungwe la WHO mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 m'dziko muno anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ochuluka kwambiri mwa iwo sankadziwa n'komwe. Kafukufuku wa zaumoyo wa m'dziko lonse wa 2015-16 anaonetsa kuti amayi 21 mwa 100 alionse a zaka 15 mpaka 49 anali onenepa kuposa muyezo. Amenewa si anthu a ku Area 10 ku Lilongwe okha. Ndi amayi ogulitsa kabichi ndi tomato pa Lizulu, ndi aphunzitsi anzanga, ndi abambo a magolosale pa Chimbiya ndi pa Linthipe. Tikamva kuti uje anagwa kubafa ndipo mbali imodzi yafa, kapena kuti uje amudula mwendo chifukwa cha chilonda chosapola, timathamangira kuganiza za ufiti, pomwe kawirikawiri gwero lake ndi kuthamanga kwa magazi (BP) kapena shuga amene wakhala akukwera mwakachetechete kwa zaka zambiri.

Pali chifukwa chimene thupi limayambira kukula pa msinkhu uno ngakhale munthu asanawonjezere chakudya. Munthu akamakula minofu imacheperachepera, makamaka ngati sakuigwiritsa ntchito, ndipo minofu ndiyo imatentha gawo lalikulu la mphamvu zochokera m'chakudya. Kwa ife amayi, nthawi yosiya kusamba, imene kwa ambiri imafika pakati pa zaka 45 ndi 55, imachititsa kuti mafuta ayambe kuunjikana pamimba m'malo mwa m'chiuno ndi m'ntchafu. Mafuta a pamimbawa ndiwo oopsa kwambiri, chifukwa amakuta chiwindi ndi ziwalo zina za m'kati, ndipo amalepheretsa thupi kugwiritsa bwino ntchito insulin, imene imatsitsa shuga m'magazi. Pa nthawi yomweyo moyo wathu umakhala utasintha. Ntchito zotunga madzi, kusinja ndi kupalira zapita kwa ana kapena kwa aganyu, ndipo mtunda umene kale tinkayenda pansi lero timakwera kabaza wa njinga yamoto, ngakhale kuchoka pamsika kupita kunyumba yongoonekera apo. Nsima imene tinkadya tikuchokera kudimba ndi yomweyo tikudya tikuchokera pampando.

Dera lathu lili ndi mayesero akeake. Dedza ndi Ntcheu ndi kwawo kwa mbatata ya kachewere, ndipo palibe siteji ya m'mbali mwa msewu wa M1 imene mungaime osapeza chiwaya. Imani pafupi muone mmene zimachitikira. Mnyamata amathira mbatata zoduladula m'mafuta amene adetsedwa kale ndi kukazinga kwa tsiku lonse, amazivundula, amazikankhira m'mphepete mwa chiwaya pomwe zimapitiriza kumwa mafuta, ndipo wogula akafika amazibwezeranso m'mafutamo kuti zitenthe. Akaziika m'kajumbo amawazapo mchere ndi zala zitatu, kenako wogula mwini amapempha kuti amuthirireko timafuta pamwamba. Mbatata yokha ilibe mlandu, chifukwa yophika ndi makoko ake ndi chakudya chabwino. Koma galamu imodzi ya mafuta imapereka mphamvu zoposa kawiri zimene galamu imodzi ya ufa kapena shuga imapereka, choncho mbale imodzi ya tchipisi imaposa kutali mbale yomweyo ya mbatata yophika. Sindikunena kuti anyamata a ziwaya asiye geni yawo, pakuti n'kumene akupezera sopo. Ndikunena kuti munthu wa zaka 48 amene amakhala m'shopu tsiku lonse sangadye tchipisi ndi kanyenya masana alionse, n'kudyanso nsima yonse madzulo, thupi lake osasonyeza.

Chachiwiri ndi tiyi. Tawuni ya Dedza ili pamalo okwera kwambiri, ndipo aliyense amene anagonako mu Juni kapena mu Julaye akudziwa mmene chisanu chimalowera m'mafupa. Timamwa tiyi m'mawa, timamwanso pa nthawi yopuma kuntchito, timamwanso madzulo, ndipo m'kapu iliyonse mumalowa masipuni atatu kapena anayi a shuga, pambali pake pali mandasi kapena sikono. Bungwe la WHO limalangiza kuti shuga wothira asapitirire gawo limodzi mwa magawo khumi a mphamvu zimene munthu amadya patsiku, zomwe kwa munthu wamkulu ndi pafupifupi magalamu 50, kapena masipuni aang'ono 12, ndipo limati n'kwabwino koposa kutsika kufika pa theka la muyezo umenewu. Makapu atatu a tiyi a masipuni atatu atatu afika kale pa 9. Onjezanipo botolo limodzi la 300 ml la zoziziritsa kukhosi, mmene mumakhala masipuni 7 kapena 8, kapena chikho cha thobwa lotsekemera, muona kuti muyezo wadutsa dzuwa lisanapendeke. Ambiri a ife shuga ameneyu sitimuwerengera ngati chakudya, chifukwa chakumwa sichikhutitsa.

Tsopano ndifike pamene pagona nkhani, pakhomo. M'mabanja mwathu munthu sadziphikira yekha. Ngati wodwala BP ndi bambo, amene akusankha kuchuluka kwa mchere ndi mafuta ndi mayi kapena mwana wamkazi, ndipo ngati iwowa sanamve okha zimene achipatala ananena, adzapitiriza kuphika monga mwa masiku onse, mwinanso kuwonjezera mafuta posonyeza chikondi kwa wodwalayo. Ngati wodwala ndi mayi, vuto limakula, chifukwa akachepetsa mafuta mu ndiwo bambo amadandaula kuti chakudya sichikukoma, akaphika nsima ya mgaiwa ana amati ndi ya osauka kapena ya kusukulu yogonera konko, ndipo akatenga mtanda umodzi wokha apongozi amafunsa ngati wakwiya. Mayi wotereyu pamapeto pake amasankha mtendere wa m'nyumba, thanzi lake n'kulisiya. Ndikupempha abambo anzathu kuti mawu akuti "mayi, chepetsani thupi" asamangotuluka pakamwa pawo pomwe iwo akukana kudya ndiwo zimene zingawathandize mayiwo. Ndikupemphanso kuti tsiku lopita kuchipatala, wophika wa pakhomo azipita nawo kuti akamve yekha ndi kufunsa mafunso ake.

Chosangalatsa n'chakuti kusintha kofunikako sikufuna zakudya za m'masitolo akuluakulu, ndipo sikuvulaza ana. Magulu asanu ndi limodzi a zakudya amene alangizi a zaumoyo amaphunzitsa amayi kusikelo ndi omwewo amene munthu wa zaka 50 akufunika, kungoti kagawidwe kake m'mbale n'kamene kayenera kusintha. Ife tinazolowera kuti nsima ndiyo chakudya, ndiwo n'zongotsitsira. Wofuna kuchepetsa thupi atembenuze zimenezi: theka la mbale likhale masamba, gawo limodzi mwa magawo anayi likhale nyemba, khobwe, nandolo, usipa, mazira kapena nyama pang'ono, ndipo gawo lotsalalo likhale nsima. Amene amadya mitanda itatu atsike kufika pa iwiri, akazolowera afike pa umodzi ndi theka. Ufa wa mgaiwa umaposa woyera chifukwa gaga ndi mtima wa chimanga zimakhalamo, ndiye umakhalitsa m'mimba ndipo njala sibwera msanga. Komabe mgaiwa nawonso ukachuluka umanenepetsa. Za masamba, ife a ku Dedza ndi ku Ntcheu tilibe chodandaula. Magalimoto amachoka ku Lilongwe ndi ku Blantyre kudzapikula kabichi, karoti, nsawawa ndi zitheba pa Bembeke, pa Lizulu ndi pa Tsangano, pomwe ife eni ake timadya kamasamba kodzaza chikhatho chimodzi banja lonse. Bonongwe, chisoso, luni, khwanya ndi mnkhwani zimamera kuseri kwa nyumba, ndipo mfutso ulipo wa m'chilimwe. WHO imalangiza magalamu 400 a masamba ndi zipatso patsiku, ndipo nyengo ya mapichesi, magwafa kapena masuku, muyezo umenewu si wovuta kuufikira. Masamba otendera ndi abwino, bola nsinjiro zikhale zoyeza ndipo pasathiridwenso mafuta.

Mchere ndiuike pawokha, chifukwa sunenepetsa koma umakweza BP. Muyezo wake ndi wosakwana magalamu 5 patsiku, pafupifupi sipuni yaing'ono imodzi, kuphatikizapo umene uli kale mu buledi, mu nsomba zouma zothira mchere ndi m'timabuloko tokometsera ndiwo. Soda amene timathira mu therere ndi mu nyemba nayenso ali ndi sodium, chinthu chomwecho chimene chimavuta mu mchere. Banja likagwirizana zochotsa kambale ka mchere pamphasa kapena patebulo ndi kuchepetsa pang'onopang'ono wa mumphika, lilime limazolowera pakapita masabata ochepa.

Anthu ambiri amagwa ulesi chifukwa amaganiza kuti afunika kubwerera ku thupi la pa unamwali wawo. Sizili choncho. Madokotala amagwirizana kuti kutsitsa magawo 5 mpaka 10 pa 100 alionse a kulemera kwa thupi kumathandiza kale BP, shuga ndi mawondo. Kwa munthu wolemera makilogalamu 85, amenewa ndi makilogalamu pafupifupi 4 mpaka 8 ndi theka basi, ndipo liwiro loyenera ndi theka la kilogalamu mpaka kilogalamu imodzi pa sabata, ngakhale kuti pa msinkhu wathu nthawi zambiri zimachedwerapo. Umboni wamphamvu unachokera ku America, kumene zotsatira za kafukufuku wotchedwa Diabetes Prevention Program zinatuluka mu 2002. Anthu oposa 3,000 amene shuga wawo anali atayamba kukwera anagawidwa m'magulu. Gulu limene linathandizidwa kuti litsitse magawo 7 pa 100 a thupi ndi kuyenda kapena kuchita masewera mphindi 150 pa sabata linachepetsa chiopsezo chodwala shuga ndi 58 peresenti, pomwe gulu limene linapatsidwa mankhwala a shuga otchedwa metformin linachepetsa ndi 31 peresenti. Chimene ndikufuna owerenga aone m'kafukufukuyu n'chakuti anthu a gulu loyamba lija sanangopatsidwa pepala la malangizo n'kuuzidwa kuti azipita. Aliyense anali ndi mlangizi womutsatira, anaphunzira maphunziro 16 oyambirira, ndipo ankakumana kawirikawiri ndi womuyang'anira. Chimene chinagwira ntchito ndi malangizo ophatikiza ndi munthu woyenda nawe.

Ife sitingakwanitse kulemba mlangizi wa munthu aliyense, koma tili ndi chimene mayiko ena alibe. Pafupifupi mayi aliyense kuno ali m'gulu lina lake: banki mkhonde, Chigwirizano, mphakati, kwaya, komiti ya sukulu kapena ya mjigo. Magulu amenewa amakumana sabata iliyonse, amadziwa kusunga kaundula, amadziwa kulondola membala amene wajomba, ndipo amadziwa kulimbikitsana pa mavuto. Ngati timatha kufunsana za masheya ndi ngongole popanda manyazi, tingathenso kufunsana za BP. M'gulu lathu la banki mkhonde tinagwirizana kuti amene akufuna azitsalira pang'ono tikamaliza zowerengera ndalama. Mmodzi wa ife ndi telala, ndipo amabwera ndi tepi yake. Timayezana m'mimba pamwamba pang'ono pa mchombo, munthu ataima chilili ndiponso atatulutsa mpweya, n'kulemba m'kope limene amasunga mlembi. Lamulo losavuta kukumbukira ndi lakuti kuzungulira kwa mimba kusapitirire theka la kutalika kwa munthu, kotero wotalika masentimita 160 ayesetse kuti asadutse masentimita 80. Amene ali ndi mwayi wa sikelo angagwiritsenso ntchito muyezo wa BMI, woyerekeza kulemera kwa munthu ndi kutalika kwake, umene kwa munthu wotalika masentimita 160 umasonyeza kuti kunenepa kopitirira kumayambira pa makilogalamu 64, ndipo kodetsa nkhawa kwambiri pa makilogalamu pafupifupi 77. Tinagwirizananso kuti zolembedwa m'kopemo sizituluka kunja, ndiponso kuti amene sanatsike mwezi umenewo asadzudzulidwe, koma afunsidwe chimene chamuvuta. Mayankho ake amakhala a moyo weniweni: kunali maliro, mwana anadwala, bambo anakana mgaiwa, tulo sitikubwera chifukwa cha ngongole. Zakumwa ndi mandasi zimene tinkagula pa tsiku logawana ndalama tinazisintha, tsopano timabwera ndi nthochi, chinangwa chophika kapena chimanga chootcha.

Kuyenda nakonso kumafuna anzako. Mphindi 150 pa sabata zimene WHO imalangiza ndi mphindi 30 pa masiku asanu, kuyenda kwa ndawala kofika poti munthu akupuma mofulumira koma akutha kuyankhula. Mayi wamkulu akamayenda yekha m'mawa wopanda dengu kapena khasu, anthu amamufunsa kumene akupita, ena amamuimikira njinga kuti amunyamule, ndipo ena amamuseka kuti watengera za azungu. Koma akakhala anayi kapena asanu, palibe amene amawafunsa, ndiponso mantha a mdima wa m'mamawa amachepa. Ife timatulukira limodzi kusanache bwino, titafunda zitenje pamwamba pa majuzi, nkhungu itaphimba phiri la Dedza mpaka mitengo ya paini osaoneka, ndipo amene wachedwa timamugogodera pawindo. Kugogoda kumeneko ndiko kumadzutsa munthu m'mwezi wa Julaye, pamene mtima wake wokha ukanamuuza kuti afundenso bulangete. Zitunda za kwathu kuno n'zothandiza, koma wa mawondo opweteka ayambe ndi malo athyathyathya ndi mphindi khumi zokha, aziwonjezera pang'onopang'ono. Ntchito zolimbitsa minofu nazo zisasiyidwe, monga kulima kadimba, kunyamula ndowa ya madzi, kapena kukhala ndi kudzuka pampando kangapo motsatizana, chifukwa munthu amene akuchepetsa chakudya osagwiritsa ntchito minofu amataya minofuyo pamodzi ndi mafuta.

Abambo ndiwo akundidetsa nkhawa kwambiri. Amayi timapita kuchipatala kawirikawiri chifukwa cha sikelo ya ana ndi zina, ndipo kumeneko BP yathu imayezedwa, koma abambo ambiri a zaka za m'ma 50 amafika kuchipatala atanyamulidwa. Gulu limene ali nalo ndi la kumowa kapena la pabawo, ndipo mowa, kaya ndi wa m'botolo, wa masese kapena Chibuku, uli ndi mphamvu zambiri zonenepetsa, umakweza BP, ndiponso umayenda ndi nyama yootcha yothira mchere wambiri. Mnzawo akanena kuti wachepetsa mowa chifukwa cha malangizo a dokotala, anzake amati mkazi wamudyetsa khuzumule. Ndikufunsa abambo: mnzanuyo akafa ziwalo, ndani mwa inu adzapite kukamutembenuza pamphasa ndi kulipirira ana ake fizi? Magulu a abambo a m'mipingo, makalabu a alimi ndi matimu a mpira wa madoda angathe kuchita zomwe amayi ayamba, ndipo mafumu athu akayamba okha kuyezetsa poyera, anthu awo adzatsatira.

Ndichenjezeko za njira zachidule. Pa Facebook ndi pa WhatsApp padzaza otsatsa tiyi ndi makapisozi amene akuti amasungunula mimba m'masiku ochepa. Zambiri mwa zinthu zoterezi zimangotsegula m'mimba kapena kukodzetsa, ndiye sikelo imatsika chifukwa thupi lataya madzi, mafuta ali pomwepo, ndipo kwa munthu amene akumwa kale mankhwala a BP kapena amene impso zake zafooka, zimenezi zingamuike pangozi. Dziko lino lili ndi bungwe loona za mankhwala la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, ndipo wogula ali ndi ufulu wofunsa ngati chimene akugulitsidwacho chinavomerezedwa. Kudzimana chakudya tsiku lonse nakonso si nzeru, makamaka kwa odwala shuga amene akubaya insulin kapena kumwa glibenclamide, chifukwa shuga angatsike kwambiri mpaka munthu kukomoka; oterewa akambirane ndi achipatala asanasinthe kadyedwe kapena kusala kudya kwa kutchalitchi. Amene thupi latsika ndipo BP yakhala bwino asasiye mankhwala mwa okha, pakuti wochepetsa kapena kuimitsa mankhwala ndi dokotala. Abale athu amene ali pa ma ARV adziwe kuti mankhwala okhala ndi dolutegravir, amene dziko lino linayamba kupereka kwa anthu ambiri mu 2019, amawonjezera thupi mwa anthu ena. Yankho lake ndi kusamala kadyedwe, kuyenda ndi kufotokozera achipatala, osati kudumphitsa mankhwala ngakhale tsiku limodzi. Ndipo munthu amene akuwonda asanasinthe kalikonse, makamaka ngati akukhosomola, akutuluka thukuta usiku, akumva ludzu losatha kapena akukodza pafupipafupi, athamangire kuchipatala, chifukwa kumeneko kungakhale chifuwa chachikulu, shuga kapena khansa. Apa m'pamene nkhawa ya amayi akuluakulu aja ili ndi malo ake. Kusiyana kwake n'kwakuti tiyenera kumufunsa munthu mwaulemu ndi kukhulupirira yankho lake, osati kumuweruza ndi maso.

Ena anena kuti m'dziko limene ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu anapezeka opinimbira mu 2015-16, kukamba zochepetsa thupi ndi nkhani ya anthu okhuta. Ndikuwamvetsa, pakuti inenso ndimaphunzitsa ana amene amabwera m'kalasi osadya kanthu. Koma mavuto awiriwa amapezeka pakhomo limodzi. Si zachilendo kuona mayi wonenepa kwambiri atabereka mdzukulu wopinimbira, ndipo gwero lake ndi limodzi: chakudya chodzaza ufa woyera, shuga ndi mafuta, chopanda masamba okwanira, nyemba, zipatso ndi zanyama. Banja likakonza mbale ya agogo, lakonzanso ya mdzukulu. Kuwonjezera apo, munthu wa zaka 45 kapena 55 ndiye mzati wa mabanja angapo, amene akulipira fizi, akugula feteleza, akusunga ana amasiye ndi makolo okalamba. Iyeyu akagona ndi sitiroko, njala imalowa m'nyumba zonsezo.

Thupi silitsika mowongoka. Limatsika, limaima miyezi ingapo, ndipo nyengo ya zikondwerero za Khirisimasi, ya maukwati a m'chilimwe kapena ya zinkhoswe limakweranso. Pamwambo sungakane mbale imene eni khomo akupatsa osaoneka wamwano, ndipo pamaliro umadya chimene chilipo. Munthu amene ali yekha akaona kuti makilogalamu awiri abwerera amataya mtima n'kusiyiratu, koma amene ali ndi anzake amamva kuti enanso zawachitikira, n'kupitiriza. Ngakhale sikelo itakana kusuntha, kuyenda ndi kudya bwino kumakhala kukutsitsa BP ndi shuga, ndipo munthu amayamba kuona kuti akukwera chitunda cha kumsika osaima kuti apume.

Pempho langa kwa atsogoleri a mipingo ndi mizikiti ndi lakuti apereke mpata pakatha mapemphero, ngakhale kamodzi pa miyezi itatu, kuti azaumoyo adzayeze anthu BP, ndipo m'mipingo yambiri muli anamwino amene angadzipereke. Makina oyezera BP a mabatire mpingo kapena gulu la banki mkhonde lingathe kusonkherana n'kugula, bola wina waluso aphunzitse kagwiritsidwe kake ndiponso aliyense amene wapezeka ndi BP ya 140/90 kapena kuposa apo atumizidwe kuchipatala kuti akamuonenso. Kwa akuluakulu a zaumoyo m'maboma athu awiri a Dedza ndi Ntcheu ndikupempha kuti alangizi a zaumoyo amene amayendera midzi pa nkhani za katemera ndi ukhondo apatsidwenso maphunziro ndi zipangizo zothandizira akuluakulu pa kadyedwe, ndiponso kuti masiku ngati 17 Meyi, lokumbukira matenda a kuthamanga kwa magazi, ndi 14 Novembala, lokumbukira matenda a shuga, azichitikiranso m'misika ya kumidzi monga Mayani, Lobi, Golomoti ndi Kampepuza. Kwa inu Akonzi, ndikupempha kuti mutipatse danga m'nyuzipepala yanu, ngakhale kamodzi pamwezi, pomwe katswiri wa kadyedwe aziyankha mafunso a owerenga m'Chichewa, pogwiritsa ntchito mitanda, zipande ndi masipuni zimene tili nazo m'makhitchini mwathu, kuti magulu ngati lathu azidula tsambalo ndi kukawerengera limodzi pa tsiku lokumana.

Ine wowerenga wanu,
Mphunzitsi wa ku Dedza